Za Kudziweta Mwini pa Maphunziro

Masiku ano m'midzi mwathu muli anyamata ndi asungwana amene analembedwa ku sukulu zazikuru zochedwa yunivesite, koma miyezi yambiri tiwaona ali pakhomo. Ena a ife tiyesa kuti analephera mayeso, ena tiyesa ulesi. Si kutero ai. Maphunziro ao agawika pawiri, monga acitira ena a ku Mzuzu University: masabata owerengeka akhala pamaso pa aphunzitsi, ndipo nthawi yotsalayo awerenga kwao, nalandira zophunzira pa lamya ya m'manja kapena pa kompyuta. Kaphunziridwe kotere kanafala m'caka ca 2020, pamene sukulu za m'Malawi zinatsekedwa mwezi wa Marichi cifukwa ca mliri wa Covid-19.

Tsono cobvuta ciri apa. Ife amene tinaphunzira ku sukulu ya m'mudzi tinali ndi belu lotiitana, ndi mphunzitsi woyang'ana m'kope mwathu tsiku ndi tsiku. Mwana uyu alibe belu. Iye ndiye mbusa, ndiyenso ng'ombe. Akapanda kudziweta yekha, palibe wombweza posokera.

Mphunzitsi wina wa ku America, dzina lace Barry Zimmerman, anasanthula nkhani iyi zaka zambiri, napeza kuti kudziweta kumeneku kuli ndi magawo atatu. Loyamba ndilo kulingalira asanayambe: wophunzira adziikire malire, nati, Sabata lino nditsiriza mitu iwiri, ndipo ndidzawerenga m'mamawa anthu asanadzuke. Laciwiri ndilo kudziyang'anira ali pa nchitoyo, kuti aone ngati alikumvadi kapena maso okha ndiwo alikuyenda pa pepala. Pakuti lamya imene ibwera ndi phunziro ndi yomweyo ibwera ndi macezo. Lacitatu ndilo kudziyesa atatha, ndi kusintha njira imene sinapindule. Mlimi wanzeru aliyense azidziwa izi: ayamba wapima munda, naupalira pa nyengo yace, ndipo pokolola ayang'ana m'nkhokwe kuti adziwe cocita caka camawa.

Palinso cina. M'caka ca 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu aiwala msanga zambiri za zimene waphunzira kumene, makamaka tsiku loyamba, ndi kuti kubwereza pang'ono pang'ono masiku angapo kuposa kuunjika zonse tsiku limodzi. Cotero wodikira usiku wa mayeso afanana ndi wofuna kupalira munda wonse udzu utafika m'ciuno. Wophunzira atseke buku, nayese kunena pamtima zimene wawerenga; ndipo pomwe pamkanika afunse aphunzitsi kapena anzace msanga, pakuti akuru anati safunsa anadya phula.

Nanga ife makolo gawo lathu nciani? Tinagulitsa mbuzi ndi cimanga kuti mwanayo alembedwe. Tisapasule ndi dzanja lina cimene tinamanga ndi linzace. Tikamuona wakhala ndi buku pansi pa mtengo, tisamtume ku cigayo poyesa kuti alibe cocita. Tipangane naye maora a kumunda ndi maora a kuwerenga, ndipo tonse tiwasunge. Ngakhale sitidziwa za m'bukumo, tikhoza kumfunsa madzulo kuti, Mwananga, lero waphunziranji? Pofotokozera ife adzadziyesa yekha, ndipo ifenso tidzatolapo kanthu.