Mukafika ku Kagoshima, yambani ndi kansomba konga usipa

Anyamata ndi atsikana a kunyanja, moni nonse, kuyambira kwathu ku Msaka mpaka ku Chembe, ku Malembo, ndi inu a ku Senga Bay amene mumangowerenga mwakachetechete. Chibwerereni funso lanu ndi limodzi lomwelo: "Aise, ku Japan unkadya chani? Ndi zoona amadya nsomba yosaphika?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba kamodzi basi. Ndi yaitali, amene foni yake yatsala pang'ono kuzima akatchaje kaye.

Ine ndinakhala miyezi itatu ku Kagoshima pa maphunziro a za usodzi. Kagoshima ali kumwera kwenikweni kwa chilumba cha Kyushu, kutali ndi Tokyo wa pa kanema uja. Ndi dera la madoko, la mabwato, la agogo oyenda ndi mabutsi oyera a labala. Mwana wa msodzi sasowa chocheza kumeneko, ngakhale chilankhulo chikukanike.

Chinthu choyamba kudya ndi kibinago. Mukakaona mudzaseka, chifukwa ndi usipa weniweni pa maonekedwe: kutalika ngati chala, kamzere konyezimira ngati siliva m'mbali. Kagwidwe kakenso ndi ka usiku ndi nyali, monga amachitira siginala wathu pa chilimira, ndipo kambiri kamachokera ku zilumba za Koshikishima. Kusiyana kuli pa zimene zimachitika kakangotuluka m'madzi. Kamalowa mu ayezi nthawi yomweyo, pa bwato pomwepo. Kakafika kukhitchini sagwiritsa ntchito mpeni, amakang'amba ndi chala, kuchotsa mutu, matumbo ndi munga wa pakati, kenako kukayala m'mbale mozungulira ngati duwa. Mumadya kosaphika, kutowetsa mu msuzi wa miso wosakaniza ndi viniga. Miso ndi soya wovunditsa ndi mchere. Kulibe fungo lija mumaliganizira. Kamazizira pa lilime, kotsekemera pang'ono, ndipo mukatafuna kamakhala ngati kakukana mano pang'ono kenako n'kusungunuka.

Ndinawatumizira bambo chithunzi cha mbale imeneyo. Anayankha kuti, "Bonya ameneyu amuveka suti." Anaseka, inenso ndinaseka, koma nkhaniyi inandikhala pamtima. Timakansomba khumi ndi tiwiri ta m'mbalemo ndinalipira ndalama imene kwathu, tsiku loti usipa wafa wambiri ndipo mitambo yatseka dzuwa, mutha kutenga nayo ndowa. Tonse tikudziwa za Januwale ndi Febuluwale: usipa uli pa thandala, mvula yayamba, amayi akuthamanga ndi mapepala apulasitiki, pofika mawa lake zina zayamba kununkha, zikupita kwa oweta nkhuku pa mtengo wachipongwe. Msodzi wa ku Koshikishima sagwira nsomba yabwino kuposa ya bambo anga. Iye ali ndi ayezi pa doko lake ndi galimoto yozizira imene ikumudikira.

Apa ndichenjezeretu, chifukwa ndikukudziwani ena a inu. Musakatenge usipa kapena chambo wa pa doko n'kudya wosaphika ati chifukwa a ku Japan amatero. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi nyongolotsi zimene zimakhazikika mwa munthu, ndipo a ku Japan eniakewo amasamala nazo kwambiri nsomba za mumtsinje. Ngakhale za m'nyanja yamchere zili ndi kanyongolotsi kotchedwa anisakis, kamene kamagwetsa munthu ndi m'mimba usiku umodzi. N'chifukwa chake amachotsa matumbo msanga, amayang'anitsitsa mnofu, zina amaziumitsa kaye mufiriji. Yosaphikayo ili ndi malamulo ake. Amene mtima ukukana, kibinago yemweyo amamukazinganso mu ufa kapena kumuwotcha ndi mchere pa kamtengo, ndipo ameneyo ngakhale agogo anu angadye osafunsa.

Nanga mudye kuti? Langizo langa ndi lakuti musiye malo okongola a pafupi ndi siteshoni, mulawire m'mawa kupita ku msika wa nsomba wa mzindawo, m'mbali mwa nyanja. Kumeneko kuli tinyumba todyera totchedwa shokudo. Kusankha kwake n'kosavuta: suzumirani pansi, pamene pali mabutsi oyera ambiri lowani pamenepo. Itanitsani teishoku. Imeneyi ndi thireyi yathunthu: mpunga, nsomba ya tsikulo, kambale ka supu ya miso, ndi timasamba ta mchere. Ine ndinkalipira pakati pa 1,000 ndi 1,500 yen, n'kukhuta mpaka madzulo. Madzi kapena tiyi wobiriwira salipiritsa. Tengani ndalama ya m'manja chifukwa malo ang'onoang'ono ambiri khadi salandira, ndipo musasiye ya pamwamba yothokozera. Adzakuthamangirani panja kudzakubwezerani poganiza kuti mwaiwala. Poyamba kudya nenani itadakimasu, pomaliza gochisosama. Mawu awiri okhawo amakutsegulirani nkhope ya mayi wophika. Timitengo todyera musatizike chilili mu mpunga, zimenezo amachita pa maliro.

Mu teishoku mudzakumana kawirikawiri ndi kanpachi ndi buri. Izi ndi nsomba zazikulu zamafuta zimene amaweta m'zikwere zoyandama mu nyanja ya Kagoshima Bay, makamaka cha ku Tarumizu, ndipo Kagoshima ndiye patsogolo m'Japan monse pa ulimi wa nsomba ziwirizi. Ndi zokoma, sindikana, koma kwa ine mafuta ake amakola msanga. Komanso soya sosi wa kumeneko ndi wotsekemera ngati anathiramo shuga, ndipo anathiramodi. Anthu ochokera ku Tokyo nawonso amadabwa naye.

Tsiku lina kwerani feri yopita ku Sakurajima, phiri lofuka moto limene layang'anana ndi mzindawo ndipo limawaza phulusa pa magalimoto ngati fumbi la mu Okutobala. Ulendo wake ndi wa mphindi 15 zokha, koma m'ferimo muli kakauntala kogulitsa udon, zingwezingwe zonenepa za ufa wa tirigu mu msuzi wotentha. Masewera ake ndi kumaliza mbale musanakocheze. Amene munadyapo pa Ilala mukudziwa kuti chakudya cha pamadzi chimakoma mwa mtundu wake.

Tsopano ku Makurazaki, kumene ndikufuna ndikhalitse pang'ono. Ndi katauni ka kumapeto kwa njanji, kumwera kwa Satsuma Peninsula. Sitima zofika kumeneko ndi zochepa pa tsiku, basi ndiyo yachangu. Mukangotsika mphuno imakuuzani kuti mwafika kwanu: utsi wa nsomba yowamba tauni yonse. Kumeneku ndi kumene amapanga katsuobushi wambiri kuposa kwina kulikonse ku Japan, ndipo ntchitoyi inayamba kumeneko mu 1707. Nsomba yake ndi katsuo, wachibale wa tuna. Amaidula m'zigawo, kuiwiritsa pang'onopang'ono monga timafutsira usipa, kuchotsa minga ndi dzanja, kenako kuiwamba ndi nkhuni za mitengo yolimba. Sawamba kamodzi ayi. Amawamba, kuisiya izizire kuti madzi a m'kati atulukire kunja, mawa kuwambanso, mobwerezabwereza kwa milungu ingapo. Ya pamwamba kwambiri, imene amaitcha honkarebushi, amaimeretsa nkhungu dala, kuiyanika padzuwa, kuimeretsanso nkhungu, mpaka miyezi ingapo. Eee, nkhungu imene ife tikaiona pa kampango wowamba timadziwa kuti ndalama yapita. Kwawoko ndi nkhungu yosankhidwa, imene imayamwa madzi otsala ndi kuphwanya mafuta. Pomaliza nsomba ija imatsala yosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, yolimba ngati mtengo wa tsanya. Mukagundanitsa ziwiri zimalira ngati zitsulo.

Sailuma, mano angathe. Amaipala ndi chopalira chonga cha kalipentala, n'kutuluka timapepala topyapyala. Timeneti akatiponya m'madzi otentha kwa mphindi zochepa pamatuluka msuzi wotchedwa dashi, umene uli pansi pa pafupifupi chilichonse chimene mudzadye ku Japan, kuphatikizapo udon wa pa feri uja. Zinandikumbutsa amayi akamasinja mitu ya utaka wouma kuthira mu chisoso tsiku loti ndiwo zavuta. Nzeru yake ndi imodzi, kungoti iwowa anaipangira mafakitale.

Ku Makurazaki idyani funado meshi: mpunga, pamwamba nyama ya katsuo, timapepala tija, n'kuthirapo dashi wotentha. Ndi chakudya chotengera zimene asodzi ankadya pa bwato. Funsaninso haragawa, chikopa cha kumimba kwa katsuo chowotcha ndi mchere, chimene chimatsala akamadula nsomba za katsuobushi. Chotsika mtengo, chamafuta, chokoma kuposa zambiri zodula. Mutu amautcha binta, amauphika wathunthu, ndipo pamenepo mwana wa kunyanja ndi katswiri. Anzanga a m'kalasi ankautokosa ndi timitengo mwamantha, ine ndinapempha chilolezo n'kugwira ndi manja, kuyamwa mpaka diso. Bambo wa pamalopo anabwera kudzandigwira paphewa akulankhula zambirimbiri. Sindinamve ngakhale limodzi, koma anandiwonjezera mpunga.

Mukakhala ndi masiku awiri opuma, pitani ku chilumba cha Yakushima, pafupifupi maola awiri pa boti lothamanga. Anthu amapitira mitengo yakalekale ya m'nkhalango, ine ndinapitira nsomba ziwiri. Yoyamba ndi tobiuo, nsomba youluka, imene amaikazinga yathunthu mapiko ali tambasu, ndipo mapikowo mumatafuna ngati tchipisi. Yachiwiri ndi kubiore saba, kutanthauza saba wothyoledwa khosi. Saba ndi nsomba yosachedwa kuwonongeka. Ndiye msodzi akangoikoka amaithyola khosi pomwepo, magazi onse atuluke, n'kuiviika m'madzi a ayezi. Nsomba ikafa mophupha pansi pa bwato, padzuwa, mnofu umafewa ndipo magazi otsalira ndi amene amayambitsa fungo. Pa nsomba zazikulu amachita zotchedwa ikejime: kubaya ubongo ndi kachitsulo kuti ife nthawi yomweyo, kudula m'makha, kukhetsa magazi.

Izi ndakangana nazo ndi bambo kangapo chibwerereni. Ine ndimati tiyese pa kampango ndi mcheni wa mbedza, popeza kubaya ndi kukhetsa magazi sikulira ndalama. Iwo amati wogula wa pa doko akaona nsomba yobooka mutu adzati yalumidwa ndi nkhanu, atsitse mtengo. Ndipo ayezi wochokera ku Monkey Bay akafika theka lasungunuka, ndani alipire? Sakunama. Ku Yakushima wogula amadziwa chifukwa chake khosi lathyoka ndipo amawonjezera ndalama. Kwathu wogula wotero ndi wa ku malo ogona alendo ku Cape Maclear, mwina ndi mahotela a m'tauni, ndipo amafuna umubweretsere tsiku lililonse osaphonya, mwera kaya ukuwomba. Pakadali pano tagwirizana kuti nsomba zodya pakhomo tizichita choncho. Amayi ndi amene anayamba kunena kuti msuzi wake wasiya kuda.

Abale athu achisilamu a ku Mangochi, Makanjira ndi Nkhotakota, tcherani khutu apa. Kagoshima amanyadira nkhumba yakuda yotchedwa kurobuta, ndipo msuzi wa ramen wa kumeneko kawirikawiri ndi wa mafupa a nkhumba ngakhale pamwamba musaone nyama. Nkhumba ndi buta, funsani musanadye. Palinso mirin ndi sake, mowa wa mpunga umene amathira mu zophika zambiri, ngakhale mu satsuma-age, zitumbuwa za nsomba yopera zimene zimagulitsidwa paliponse. Chotetezeka ndi shioyaki, nsomba yowotcha ndi mchere basi, ndi mpunga woyera. Kwa enanu satsuma-age yo idyani ili yotentha, ku Kushikino ndiye kuchimake. Ndi yotsekemera moti poyamba mudzaganiza kuti ndi mandasi anagwera mu nsomba.

Nsima kulibe, ndinene mosabisa, ndipo sabata yachitatu thupi limayamba kufunsa. Mpunga wawo ndi womata, umagwira m'mimba kuposa wa Kilombero koma fungo ulibe. Chimene chinandipulumutsa ndi mbatata. Dzina la mbatata m'Chijapani ndi satsumaimo, ndipo Satsuma ndi dzina lakale la dera lomweli. Amaiwotcha mpaka kutuluka uchi, mumagula yotentha mu supamaketi. Mbatata yomweyo amatchezera shochu, kachasu wawo wa m'botolo, amene madala amamwa atasakaniza ndi madzi otentha. Akakuthirirani musamalize msanga, kapu ikangotsika amadzazanso.

Ndalama zikayamba kuchepa, lowani mu supamaketi cha m'ma 7 kapena 8 usiku. Wantchito amayenda ndi timapepala tomata pa mapaketi a nsomba ndi mpunga, kutsitsa mtengo mpaka theka, chifukwa za lero sazigulitsa mawa. Mudzaona agogo akumutsatira pambuyo mwaulemu ngati sakufuna kanthu, inunso tsatirani choncho. Ndipo kumbukirani kuti m'matauni a madoko shokudo zambiri zimatseka cha m'ma 2 koloko masana, kapena nsomba ya tsikulo ikangotha. Lamlungu msika wa nsomba sutsegula, Lachitatu linanso amapuma, ndiye za kibinago wa m'mawa konzani tsiku lina.