Kuseri kwa Khoma la Chigayo

Tsiku limene mng'ono wanga anabwera kunyumba akuthamanga, n'kunena kuti dzina lake latuluka pa mndandanda wa TEVETA, munthu woyamba kumugwetsa ulesi ndinali ineyo.

"Zamagetsi? Iweyo?"

Ndinali nditangochoka kumene ku Zomba ndi digiri yanga, chithunzi cha gauni chili pakhoma pabalaza. Kwa ine sukulu yeniyeni inali yunivesite basi. Ku tekiniko ndinkakuona ngati kothawira anthu amene mapointi a MSCE sanawayendere. Ndiye ndinamulangiza mokoma, ngati mkulu wake womufunira zabwino: abwereze folomu 4, mapointi atsike, adzapite ku koleji ngati anzake. Ndinawonjezeranso kuti zokwera makwerero n'za anyamata, manja ake adzakhakhala.

Anandiyankha mosakweza mawu. "Achemwali, ine ndikufuna ntchito yoti ndikamaliza ndiziona ndekha kuti chayaka kapena sichinayake."

Amayi anati mwana apite. Anapitadi ku Lilongwe Technical College, ine ndikung'ung'udza.

Kwa amene simukudziwa mmene zimayendera, monga mmene inenso sindinkadziwira: TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, limasankha achinyamata n'kuwatumiza m'makoleji aluso monga Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Wophunzira samangokhala m'kalasi. Miyezi ina amakhala ku koleji, ina amakagwira ntchito ku kampani pansi pa mmisiri, ndipo zimene wachita zimalembedwa m'buku loti womuyang'anira asaine. Buku limenelo likakhala lopanda kanthu, ndiye kuti nthawi yapita pachabe.

Ku koleji zinkayenda. Mavuto anayamba pa atachimenti yoyamba, ku kampani ina imene sinditchula. Nsapato za sefite zimene anamupatsa zinali za mwamuna wa phazi lalikulu, moti ankavala masokosi awiri n'kufutsa mapepala kutsogolo. Malo osinthira zovala a akazi kunalibe, ankavalira ovolosi musitolo ya zipangizo, atatchinga chitseko ndi bokosi. Anyamata amene anapita nawo limodzi ankatengedwa kukamanga mawaya, iye n'kutsala: sesa apa, wiritsa madzi a tiyi, kagule tchipisi pachiwaya. Wina ankamutumizira mameseji usiku, akuti akufuna kumuthandiza "kuzolowera ntchito".

Sabata yachitatu anafika kunyumba n'kulira. Ndipo ine, mkulu wake wophunzira, ndinati, "Paja ndinanena." Mawu amenewo amandichititsabe manyazi mpaka lero.

Mawa lake anadzuka mbandakucha ngati kale. Anatenga buku lake lija n'kupita kwa kapitawo, anthu onse akuona.

"Bwana, apa ndilembe kuti sabata ino ndaphunzira kuwiritsa tiyi? Musaina?"

Akuti ena anaseka, kapitawo sanaseke. Koma mmisiri wina wachikulire, amene anali asanamulankhulepo chiyambire, anamukola ndi dzanja: "Mwana iwe, tenga pulayazi, tiye." Kuyambira tsiku limenelo bukulo linayamba kudzaza. Wa mameseji uja anamuchita buloko, n'kuwauzanso madalawo, nkhani inathera pomwepo.

Ine maganizo anga sanasinthe nthawi yomweyo. Anadzasinthira ku chigayo.

Linali Loweruka, iye ali m'chaka chachitatu. Amayi anatituma tonse awiri kukagayitsa mphale ku chigayo cha kwathu ku Kawale. Tinapeza mzere wa madengu ndi mabeseni wafika mpaka kumsewu, chigayo chili zii. Mota inali itangobwera kumene kokonzedwa, ndipo atailumikiza inkazungulira chobwerera m'mbuyo. Azibambo anayi anali atazungulira mota ija. Wina ankati okonza aja aipsereza, wina ankati ibwerere komwe yachokera, mwini chigayo atagwira m'chiuno, akuwerengera ndalama ya galimoto.

Mng'ono wanga anatula dengu. "Bambo, ndingaoneko?"

Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku chitenje. Mayi wina pamzere anati, "Musiyeni aone, inu mwakhala mukuona kuyambira m'mawa." Anamulola.

Anayamba wazimitsa magetsi pa swichi yaikulu, n'kuuza mnyamata wogayitsa kuti aime pomwepo, munthu asayerekeze kuyatsa. Anatulutsa tesita m'kachikwama, momwe ine ndimasungamo mafuta a milomo, n'kuyesa waya uliwonse. Kenako anamasula mawaya awiri, n'kuwasinthanitsa malo, n'kumanganso. Atayatsa, chigayo chinalira kulira kwake kwa masiku onse, ufa n'kuyamba kutsika. Zonse sizinakwane mphindi 15.

Pobwerera anandifotokozera kuti mota ya three phase imalandira mawaya atatu amoto, ndipo mbali imene imazungulirira imadalira ndondomeko imene mawayawo alowera. Ukasinthanitsa awiri alionse, imatembenuka. "Si nzeru zapatali, achemwali. Aliyense wa chaka chachiwiri amadziwa."

Koma ine chimene chinandikhalira m'mutu ndi atsikana atatu aang'ono amene anasiya madengu awo n'kukasuzumira pakhomo la chipinda cha mota. Taganizani: ku chigayo amatumidwa ndani? Ndi ifeyo, kuyambira tili ndi zaka 10. Timachidziwa kulira kwake, sefa ikabooka timazindikira ufa usanafike m'manja. Koma kuseri kwa khoma, kumene kuli mota ndi malamba, ambirife sitinapondeko. Palibe anatiletsa ndi chikwapu. Tinangozolowera kuti malo athu ndi pamzere.

Ndinakumbuka folomu 3, tsiku la mabatire ndi mababu mu Physical Science. Aphunzitsi anaitana anyamata kuti alumikize mawaya, ife atsikana anati tizilemba zotsatira chifukwa timalemba mooneka bwino. Ndinasangalala, ndinkaona ngati atiyamikira. Babu ija sindinaigwire, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikulemba zimene ena achita. Mawu okoma omwewo ndi amene ndinadzamuuza mng'ono wanga, ndikuganiza kuti ndikumuteteza.

Panopa anamaliza, ali pa ntchito, ndipo Loweruka masana khonde lathu limasanduka kalasi. Zinayamba ndi atsikana a ku chigayo aja, amene anamutsatira mpaka kunyumba kudzafunsa ngati magetsi samugwira. Sawauza mawu ambiri olimbikitsa. Amangoyala mapulagi akale pamphasa, aliyense n'kumupatsa sikuludiraiva. Waya wa bulauni ndi wamoto, umapita mbali ya fyuzi. Wa buluu ndi nyutirolo. Wobiriwira wa mizere yachikasu ndi wa earth, umapita ku mwendo wautali uja, umene umayamba kulowa mu soketi n'kumalizira kutuluka, kuti chitetezo chifike moto usanafike. Lamulo lake loyamba amaliloweza ngati vesi: waya uliwonse ndi wamoto mpaka utauyesa.

Magetsi akazima, amawafotokozera kumene amachokera: mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Amawakumbutsa mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. "Ifeyo tinkadandaula pa Facebook," amatero, "koma kunali anthu ovala ovolosi amene ankakonza. Mwa anthu oterowo, bwanji musadzakhalepo inu?"

Sawanamiza kuti n'zophweka. Amawauza za nsapato zija, za tiyi uja, ndi za ndalama ya minibasi imene inkatha mwezi usanathe. Mtsikana mmodzi anasiya kubwera, mayi ake anati mkazi wa ovolosi amathawitsa amuna. Mng'ono wanga anapita kukacheza nawo mayiwo, koma sanasinthe maganizo. Atsala asanu, ndipo wamkulu mwa iwo walemba MSCE chaka chino.

Ineyo ndili ndi gawo langa. Digiri ija, imene ikundipatsabe makontirakiti a miyezi isanu ndi umodzi, yapeza ntchito pakhonde: ndimayang'anira nthawi imene TEVETA yalengeza malo, ndimathandiza kulemba mafomu ndi makalata, ndipo makolo akakayika ndimapita kukalankhula nawo. Amandimvera chifukwa cha gauni ija. Ndimawauza kuti inenso ndinakanapo, ndipo ndinalakwitsa. Ngati muli ndi mng'ono kapena mchemwali amene amakonda kumasula wailesi kuti aone zam'kati, musathamangire kumuuza kuti abwereze folomu 4. Yambani mwamufunsa chimene akufuna.

Loweruka lapitali pulagi ya ketulo inapsa. Ndinamuitana mwachizolowezi, iye anangonditambasulira sikuludiraiva. "Pangani nokha, achemwali."

Ndinakhala pamphasa pakati pa ana aja, ndi zaka zanga 28, manja akunjenjemera. Nditamanga, kamtsikana ka sitandade 7 kanasuzumira n'kupukusa mutu.

"Anti, wa bulauni mwauika kwa buluu. Masulani, muyambirenso."

Ndinamasula.