Mpando wa Bambo

Nthawi ya Apwitikizi, bambo anga ankagwira nchito yoperekera zakudya pa hotela ina yakale muno mu Tete, kufupi ndi mlatho wa Samora Machel. Zaka zonsezo sanakhalepo pampando m'cipinda codyeramo. Iwo ankadyera kuseri, coimirira.

Mwezi watha ndinakawatenga kumudzi ku Angónia kuti tikadye komweko. Ndinaitanitsa nyama ya mbuzi, pende wa mu Zambezi ndi Manica wozizira, poti dzuwa la Tete simuuzidwa. Mnyamata atafika ndi mbale, bambo anadzambatuka kuti amulandire.

"Khalani pansi, bambo, lero ndinu mlendo," ndinatero.

Anakhala, koma anayamba akonza kaye mafoloko anga. Ine wolongolola pa wailesi tsiku ndi tsiku, mawu anandithera.