Kupatsana pa Ilala, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba

Sitima ya Ilala imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu n'kukafika ku Chilumba Lamulungu, nyanja ikalola. Inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1949, inabwera kuno zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951. Tikiti yake imangogula malo. Zina zimene zimamufikitsa wapaulendo kwawo ali bwinobwino, makamaka wa m'kalasi yapansi, amazilandira ulele kwa anthu amene sawadziwa ndi dzina lomwe.

Choyamba kupatsana ndi pokhala. Pansipo pamadzaza matumba a chimanga ndi usipa, malata, njinga, nkhuku ndi zidebe, moti wokwera mochedwa amasowa popondetsa phazi. Mayi amene anayala chitenje chake kalekale amapinda miyendo, n'kunena kuti, "Khalani apa, achemwali, mwanayo agone uku." Kamalo kameneko n'kochepa, koma kwa munthu woti agona usiku uwiri panyanja n'kofunika kuposa ndalama.

Kenako pamabwera za m'mimba. Chakudya chimagulitsidwa m'sitimamo, koma si aliyense ali ndi ndalama ya mbale ya nsima katatu pa tsiku, ndipo kukweza katundu padoko kukatenga nthawi kamba amatha ulendo usanafike pakati. Apa m'pamene chinangwa chophika chimanyemedwa pawiri, nthochi zimayenda m'manja, chigubu cha thobwa chimazungulira. Mwana wa eni akayang'anitsitsa mandasi, mwini mandasiwo safunsa kuti mayi ake ndi ati. Wodya amati, "Tiyeni, achimwene," ndipo sanena mwamwambo chabe ayi, mbale imasunthadi. N'zomvetsa chisoni kuti mtima umenewu umachepa munthu akamakwera masitepe. Pamwamba, pamene pali mipando ndi zakumwa zozizira, aliyense amayang'ana foni yake monga m'minibasi za ku Lilongwe.

M'miyezi ya June, July ndi August mphepo ya mwera imavundula nyanja. Akuluakulu a m'mbali mwa nyanja sanaiwale sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946 n'kupha anthu 145, choncho mafunde akakula mantha amakhalapo ndithu. Osazolowera amachita chizungulire n'kuyamba kusanza. Ndi apaulendo anzawo amene amawabweretsera beseni, kuwapatsa madzi otsukuluza m'kamwa, kuwadulira ndimu, ndi kufunditsa chitenje ana amene makolo awo sakutha n'kudzutsa mutu komwe. Ntchito imeneyi ndi yonyansa, ndipo palibe amene amailipira.

Koma kupatsa kwenikweni kumaoneka potsika. Ku Nkhotakota, ku Chizumulu, ku Usisya ndi ku Ruarwe sitima siifika kumtunda. Imaponya nangula patali, ndipo anthu ndi katundu wawo amatsikira m'maboti amene amawafikitsa kugombe, nthawi zina usiku wa mdima bii. Boti limakwera ndi kutsika ndi funde, makwerero ndi oterera, kumbuyo anthu akukankhana. Mayi wa khanda sangatsike nalo kumsana bwinobwino. Amalimasula n'kulipereka kwa bambo amene ali kutsogolo kwake, bamboyo kwa mnyamata wa pamakwerero, mnyamatayo kwa amene ali kale m'boti, ndipo khandalo limatha kudutsa m'manja mwa anthu angapo mayi ake asanalilandirenso. Wina amaunikira ndi tochi ya foni, osadandaula za batire. Wina amagwira dzanja la agogo n'kuwauza kuti, "Pondani apa, agogo, musaope, ndakugwirani." Pofika kugombe boti limaima madzi akadali m'mawondo kapena m'chiuno, ndipo mnyamata amene ali ndi katundu wakewake amamusiya kaye kuti abereke nkhalamba mpaka pamchenga.

Pagombe pomwepo pali aganyu onyamula anthu ndi katundu, ndipo malipiro awo ndi oyenera chifukwa ndiyo ntchito yawo. Chokwiyitsa ndi ochepa aja amene amadikira gogo aime m'madzi ozizira, thumba lili pamutu, ndiyeno n'kukweza mtengo. Kumeneko si kugwira ganyu, ndi kulanda, ndipo atsogoleri a m'madokomo akuyenera kukuletsa.

Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, koma pa Ilala woika sayembekeza kudzatenga. Amene walandira khanda pa Chizumulu akupitirira ku Nkhata Bay, ndipo mayi uja sadzamuonanso. Amene wagawa chinangwa atsikira ku Ruarwe, mudzi umene galimoto siifika, ndipo malipiro ake ndi "zikomo" kapena "yewo" wonenedwa mothamanga. Sitima ikachoka ku Ruarwe anthu amakhala atachepa, malo ndi ambiri, ndipo mtunda wotsala mpaka ku Chilumba umatha mwakachetechete.

Amene akukonzekera ulendo umenewu asanyamule zokwanira iye yekha. Atenge kamba woposa mimba yake, chigubu cha madzi akumwa, chitenje chachiwiri ndi tochi, ndipo pofika pamakwerero dzanja limodzi likhale lopanda katundu.