Moyo Wopanda Wolamula ku Parow

Mawu akuti anarchism akafika m'khutu la Mmalawi amamveka ngati chipwirikiti. Komatu gwero lake m'Chigiriki limangonena za kupanda wolamula, osati kupanda dongosolo. Pierre-Joseph Proudhon, yemwe adadzitcha dzinali mu 1840, ndi Peter Kropotkin, yemwe buku lake la Mutual Aid lidatuluka mu 1902, ankaphunzitsa kuti anthu angathe kuyendetsa moyo wawo mogwirizana popanda wowakakamiza. Chichewa chilibe dzina la ganizoli, komabe chidalisunga m'kati mwa mneni, m'kachigawo -an- kamene kamasandutsa thandiza kukhala thandizana, ndi sunga kukhala sungana. Mneni akatere, wochita ndiye wochitiridwanso, ndipo palibe woposa mnzake.

Telala wina wa ku Mangochi, amene amasoka m'kachipinda ka mumsewu wa Voortrekker ku Parow, sadawerengepo Kropotkin, koma moyo wake umayenda motsatira mneni wotere. Dera limeneli, lomwe m'nthawi ya tsankho lidapatulidwira azungu, lero mukukhala Amalawi, Asomali, Akongo ndi Azimbabwe, ndipo ambiri a iwo boma limawakumbukira pokhapokha likamafunsa mapepala. Mwezi ndi mwezi iye ndi anzake amasonkha chipereganyu. Mlendo wongotsika basi amayalidwa mphasa kufikira atapeza ganyu. Wina akamwalira, uthenga umayenda pa WhatsApp, ndipo ndalama zotumizira thupi kumudzi zimapezeka popanda kalata ya mfumu kapena chidindo cha boma. Msungichuma amasankhidwa ndi onse, ndipo onse angathe kumuchotsa.

Telalayu amakana mpando wa tcheyamani, ngakhale anzake amamutcha achimwene aakulu. Amakhulupirira kuti ulemu umapatsidwa mwaufulu, pamene ulamuliro umafuna kumveredwa mokakamiza. Mbiri ya mzindawu ikumuvomereza. Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay adayambitsa bungwe la ICU pakati pa antchito a padoko la Cape Town mu 1919, ndipo malamulo ake a 1925 adabwereka mfundo za bungwe la Industrial Workers of the World, lomwe linkafuna kuti antchito adziyendetsere okha ntchito zawo. Pofika 1929 ICU inali itagawanika, atsogoleri akulimbirana udindo ndi ndalama.

Komabe moyo wotere uli ndi mtengo wake. Munthu akalandira chipereganyu n'kuzemba, wopanda mapepala sangathamangire kukhoti. Chilango chotsala ndi manyazi okha, pakuti mbiri ya wakubayo imafika kwawo iye asanafike. Ndiponso mu Meyi 2008, pamene ziwawa zolimbana ndi alendo zidapha anthu 62 m'dziko la South Africa, ambiri adathawira kupolisi komwe ankakuopa. Kugwirizana kwa anthu ochepa sikungaimitse chigulu chonyamula zikwanje.

N'chifukwa chake telalayu sanena kuti boma lithe mawa. Kukhala kunja kwa chitetezo cha boma sadakusankhe, kudamugwera. Chimene amasankha tsiku lililonse n'chakuti pamene palibe womulamula, iyenso asasanduke wolamula mnzake: wophunzira kusoka amamulipira monga adapangana, ndipo buku la zopereka limakhala poyera kuti aliyense aliwerenge.