Dzina ndi limodzi, koma anakonzera yani?



Pa nthawi ya buleki ophunzira athu amakonda kukangana za mafilimu a zombo zoyenda pakati pa nyenyezi. Wina amati gawo lakuti ndi lachibwana, mnzake amati ndiye lokoma kuposa onse. Ine mkanganowu umandisangalatsa, chifukwa mkati mwake muli funso limene ife makolo sitifunsa kawirikawiri: kodi filimuyi anakonzera yani?

Filimu ikatchuka pa kanema, eni ake amaitulutsira mphukira, monga ichitira nthochi. Amatenga munthu mmodzi kapena malo a m'filimu yoyambayo n'kuyambitsa nkhani ina. Ku Britain, BBC inayamba kuonetsa Doctor Who mu 1963 ngati filimu ya banja lonse. Mu 2006 inatulutsa Torchwood, ya akuluakulu okhaokha, yoonetsedwa usiku chifukwa muli chiwawa, mawu otukwana ndi zakuchipinda. Mu 2007 inatulutsanso The Sarah Jane Adventures, ya ana. Zonsezi n'za tsinde limodzi, moti Captain Jack amene mwana anamuzolowera mu Doctor Who ndi yemweyo amene akutsogolera mu Torchwood. Mwanayo akaona nkhope yodziwika angakane bwanji kuonera?

Star Trek, imene inayamba ku America mu 1966, ili ndi mphukira ziwiri za makatuni zimene zinatuluka motsatizana. Lower Decks ya 2020 ndi nthabwala za akuluakulu, pamene Prodigy ya 2021 anakonzera ana. Poona chithunzi chokha simungasiyanitse. Okonda Star Trek akale ena anainyoza Prodigy asanaionere kuti ndi zidole za ana. Koma mu 2023 Paramount+ itaichotsa, anali akuluakulu amene anaimenyera nkhondo, mpaka kulipira ndege yokoka chinsalu cha uthenga pamwamba pa maofesi a Netflix. Netflix inaitenga, ndipo gawo lachiwiri linatuluka mu 2024.

Kwa inu ophunzira amene mumaseka anzanu, phunziro ndi ili: chokonzera ana si chopanda nzeru. Phala la mwana limaphikidwa mosamala kuposa nsima. Mukamati filimu ndi yoipa, yambani mwadzifunsa ngati ndinu amene anakuphikirani. Ndipo kulakalaka za akuluakulu kuti muoneke otsogola si kukula.

Kwa ife makolo nkhani ndi yolemerapo. Kumene mafilimuwa amapangidwa, amalembapo zaka za oyenera kuonera. Kuno ku Neno filimu imafika pa memory card, yobenedwa pa Zalewa kapena pa boma, kapena yotumizirana pa foni. Ilibe chikuto, ilibe chenjezo, nthawi zina ngakhale dzina lasinthidwa. M'nyumba zoonetsera vidiyo, wazaka 9 ndi wazaka 30 amakhala pa benchi imodzi. Ife tikasuzumira pa foni n'kuona makatuni, timati palibe vuto n'kubwerera ku ntchito zathu. Apo ndiye timataya amana imene tinapatsidwa.

Sindikunena kuti tiletse zonse. Mafilimuwa amadzutsa mafunso a Physics ndi Geography amene buku lokha silingadzutse. Ena ndi apafupi ndi kwathu: Supa Team 4, imene Malenga Mulendema wa ku Zambia analenga n'kutuluka pa Netflix mu 2023, ikukamba za atsikana anayi a sukulu mu Lusaka wam'tsogolo.

Pempho langa ndi laling'ono. Funsani mwana dzina lonse la filimu, osati la tsinde lokha. Khalani naye muonere limodzi gawo loyamba, ngakhale Chingerezi chikukuvutani, pakuti maso amamva zambiri. Kenako mufunseni kuti akuganiza anakonzera yani, ndipo mumvetsere yankho lake. A komiti, ndikupempha kuti nkhaniyi ikhale pa ndandanda wa msonkhano wa makolo ukubwerawu.