Mng'ono Wanga ndi Kachasu

Abale anga alimi, masabata onse ndimakulemberani za mbewu, manyowa ndi mizere ya m'munda. Lero mundilole ndikambe za pakhomo pathu, pakuti nkhani iyi ili m'mabanja ambiri muno mu Neno, kungoti timaibisa.

Ndili ndi mng'ono wanga amene amalima mbatata ya kachewere kumtunda, m'dera la Mfumu Dambe. Pa khasu palibe womposa. Mowa anauyamba ndi timapaketi tija anyamata ankabisa m'thumba Boma lisanatiletse mu 2015. Titasowa timapaketi, iye analowa kachasu. Pofika 2021 ndalama za mbatata zinkathera pamsika tsiku lomwelo, ndipo chaka chimenecho anagulitsa ndi feteleza yemwe. Popeza ali pachikamwini, mlamu wanga ananditumira mawu: "Alamu, bwerani mudzatenge m'bale wanu, ine ndalephera."

Ndinakamtenga. Tsono imvani chopusa chimene ndinachita ine, munthu woti ndinapita kusukulu. Ndinamtsekera m'nyumba ya amayi, ndi kunena kuti akhala momwemo kufikira mowa utamchoka m'mutu. Tsiku lachiwiri manja anayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, chakudya chonse kubweza. Usiku wachitatu anakuwa kuti pakhoma pali njoka, kenaka anagwa ndi kuphupha ngati wakhunyu. Amayi anati, "Mwana wangayu amlodza," ndipo anafuna tipite kwa sing'anga.

Amene anatitsutsa ndi mayi wina wa zaumoyo wa m'mudzi mwathu, mmodzi wa aja amayendera makomo pansi pa bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene lili muno chiyambire 2007. Anati tithamangire kuchipatala cha paboma usiku womwewo. Tinamkweza panjinga yamoto, ine kumbuyo nditamgwira.

Zimene adokotala anandiuza kumeneko ndizo ndifuna muzisunge. Thupi la munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku limazolowera mowa. Mukauchotsa mwadzidzidzi, ubongo umasokonezeka, makamaka pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo munthu akhoza kufa. Si ufiti ayi. Wotere ayenera kuleka akuyang'aniridwa ndi achipatala, amene amampatsa mankhwala okhazika thupi pansi kwa masiku owerengeka. Ine ndinangoti zyoli. Mng'ono wanga anagona m'chipatala masiku asanu.

Atatuluka, ntchito yeniyeni ndi pamene inayamba. Tinamva kuti a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ogwidwa ndi mowa, koma kwa mlimi wa kwa Dambe kumeneko n'kutali. Chinatithandiza n'chakuti kuyambira 2015 zipatala za muno zimaonera pamodzi odwala matenda okhalitsa: a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu, a HIV ndi a maganizo. Pamzere umodzi wotere palibe adziwa chimene mnzake wadzera. Mng'ono wanga, amene amaopa kusekedwa koposa imfa, anavomera kumapita.

Ankhoswe anakhala pansi, nagwirizana kuti abwerere kwa mkazi wake, koma ndalama za mbatata azisunga ndi mlamu wanga, ndipo kumsika azipita awiri. Amuna ena anamseka kuti wadyetsedwa. Aseke, iwowo feteleza sadzamgulira.

Musaganize kuti zinangoyenda bwino. Mu 2022, pamaliro a malume athu, anamwanso masiku atatu. Ine mtima unandipsa, ndinafuna kumleka. Mlamu wanga ndiye anati, "Alamu, munda ukamera udzu kachiwiri simuuthawa, mumabwereza kupalira." Mawu anga omwe amene ndimauza alimi! M'mawa mwake tinamperekeza kuchipatala.

Dzinja lapitali wabzala mbatata ndime ziwiri, feteleza wogula ndi ndalama zake. Pamaliro ndi pazikwati ndimakhalabe pafupi naye, ndipo akati tiyeni tizipita, sindifunsa chifukwa, ndimangonyamuka.